Mtanda wa Amene Sanabwerere

Mayi aja anafika Loweruka m'mawa, kamvula kowaza kakugwa pa tauni ya Tipton, kufupi ndi Birmingham. Anali mzungu wokalamba, wamfupi, tsitsi loyera ngati thonje. Anavala jasi lakuda lotha m'zigongono, m'manja atanyamula kachikwama kamodzi kokha. Anawoloka mlatho wa pa ngalande ya maboti, natsata kanjira kopita ku magalaja kumene Amalawi a ku Birmingham amalongedzerako katundu wopita kumudzi. Sanafunse njira kwa aliyense.

Linali tsiku la kontena. Pabwalo panali mafiriji, njinga, matiresi ndi migolo yabuluu yomata ndi tepi, chilichonse chitalembedwa dzina la m'bale wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Anthu ankakuwirana, kuseka, kukanganirana malo. Mayiwo anangoima pa mpanda, maso ali pa galaja lomalizira, la chitseko chobiriwira.

Amene anawaona anali Mwayiwathu Chikoti. Kuona inali ntchito yake, pakuti anali wapolisi wamkazi wofufuza milandu, ngakhale tsikulo anali pa ofu ndipo anangobwera kudzasiya mgolo wa zovala wopita kwa amayi ake ku Ntcheu. Anawayandikira nawafunsa m'Chingerezi ngati asochera.

"Iyayi mwanawe, sindinasokere," anayankha m'Chichewa. "Ndafika kumene ndimabwera."

Chinali Chichewa chakale, cha kumwera, chija amalankhula achikulire ophunzira ku mishoni. Mwayiwathu nayenso anasinthira ku Chichewa.

"Ndiye tikuti ndani, Mayi?"

Anasinkhasinkha kaye, ngati munthu wosankha nsalu pa msika.

"Beatrice."

Nthawi yomweyo Bambo Norman Likongwe, oyendetsa mabasi a m'tauni, anatsegula loko wa chitseko chobiriwira chija nachikankhira m'mwamba. Pambuyo pawo panali amuna angapo atapinda malaya, okonzeka kunyamula. Onse anangoti kakasi. Pa thabwa pamene panayenera kukhala katunduyo panalibe kanthu.

A Likongwe anagwira m'mutu.

"Felista!" anakuwa. "Felista, atibera!"

Mayi a pa mpanda aja anatembenuka msangamsanga. Kenako anaweramitsa nkhope.

*

Pabwalopo panalibe amene sankaidziwa nkhani ya a Likongwe. Akazi awo, Mayi Felista, anali namwino pa chipatala china chachikulu mumzindamo, ndipo anamwalira chaka cha mliri uja, maulendo atatsekedwa. Thupi linapita kwawo ku Thyolo lokha, m'ndege ya katundu. Mwamuna wawo ndi mwana wawo Michelle anaonera maliro pa foni, netiweki ikudukaduka. Chichokereni pamenepo akuchikazi sanaleke kunong'ona kuti mkamwini anangotumiza mwana wawo ngati phukusi. Tsopano chiliza chinali choti chivundukulidwe mu Novembala, mwezi wokumbukira akufa, ndipo pamwamba pake pankayenera kuima mtanda wamwala wakale umene a Likongwe anagula kuno. Kontena ya tsikulo ndiyo inali yomaliza yoti n'kufika nthawi isanathe, ndipo inkatsekedwa madzulo omwewo.

"Mwayi mwanawe, si ndiwe wapolisi iwe?" anatero a Likongwe atamugwira mkono. "Mtandawu ukapanda kukwera lero, ine kumudzi ndikalowa ndi nkhope yanji? Ndinawauza kale. Ndinawatumizira ndi chithunzi chomwe."

"Ankolo, takhalani pa mgolo apa. Munthu asalowe m'galajamo."

Analowa yekha. Loko sanathyoledwe. Makatoni a ma TV ndi makompyuta a anthu ena anali pomwepo, osakhudzidwa. Wakubayo analambalala zonsezo natenga mwala wolemera ngati matumba atatu a chimanga. Pa fumbi la pansi panali mizere yopyapyala ya timateyala ting'onoting'ono, yochokera pa thabwa kukafika pakhomo. Kuseri kwa thabwalo, simenti inali mathothomathotho ndi madontho a kandulo, ena akale odetsedwa ndi fumbi, ena oyera a dzulodzuloli.

"Ankolo, mumayatsa makandulo muno?"

"Ine? Ndikabwera ndimangosuzumira n'kutseka. Sindilimba mtima kukhalamo."

"Munaufunditsa chiyani mtandawo?"

"Chitenje cha amake Michelle, chija cha bungwe la amayi ku tchalitchi." Anayang'ana uku ndi uku. "Atenganso chimenecho! Chitenje chakutha, akachita nacho chiyani?"

"Makiyi ali ndi ndani?"

"Ine ndi Kondwelani. Ina imangokhala pa msomali kukhitchini kunyumba."

Mwayiwathu anagwada nakanda dontho limodzi ndi chikhadabo. Linali lofewa. Pa zaka zake za upolisi anali asanakumanepo ndi wakuba woyatsa makandulo.

*

Kondwelani, mwini bizinesi ya kontena, anali pamwamba pa folokolifiti akudya sikono.

"Bwana ofesala, musandiyang'ane choncho, mukudziwa kuti mtima wanga ndi wofooka mukakhala pafupi."

"Tsika, Kondwelani. Dzulo unali kuti?"

"Coventry, kukolekita ma drum, tsiku lonse. Funsani aliyense. Ndiye taganizani, sisi, ine ntchito yanga ndi kutumiza katundu, osati kumusowetsa. Mayi mmodzi angolemba pa gulu la WhatsApp kuti kwa Kondwelani zinthu zikumera miyendo, ndiye kuti ndatha ine, ndibwerere ku warehouse."

"Timizere tili pansi m'galajamo, si ta makina akowa?"

"Awa? Taonani mateyala, ngati a thirakitala. Tanuto ndi ta pram kapena trolley ya mu shopu."

"Trolley ingathyoke ndi mwala umenewo."

"Ndiye sindikudziwa. Koma mukafuna suspect, suyo apo?" Analoza ndi sikono. "Gogo wachizunguyo dzulo madzulo ndinamupezanso pano ndikubwerera, akusuzumira pa mpanda. Munthu wolankhula Chichewa kuposa ana athu, wachokera kuti?"

"Akuti ndi Mayi Beatrice."

"Mayi Beatrice!" anakuwa Kondwelani. "Mayi Beatrice, tabwerani kuno!"

Mayiwo sanatembenuke. Anangoyang'anabe chitseko chobiriwira chija, mpaka Kondwelani atawakodola ndi dzanja.

"Ndi ogontha," anatero.

Mwayiwathu anawayang'anitsitsa mayiwo akubwera.

*

Mwayiwathu anawakhazika mayiwo pa mpando wapulasitiki pansi pa denga la galaja, moyang'anizana ndi a Likongwe.

"Mayi, mwabwerera mtanda uja?"

"Eya."

"Munauonapo?"

"Ndinaphunzira kuyenda ndikugwira masitepe ake." Anaika kachikwama pa miyendo. "Kutsogolo kuli Ambuye Yesu, nkhope inafafanizika ndi mphepo ya kunyanja. Kumbuyo kuli Amayi Maria atagoneka mwana wawo wakufa pa miyendo. Mwala wonse ndi wokhakhala, uli ndi ndere zachikasu, koma bondo lamanzere la Amayi Maria ndi losalala ngati sopo. Afunseni bambowa ngati ndikunama."

A Likongwe anadzuka pa mgolo. "Mwadziwa bwanji? Ine ndinajambula kutsogolo kokha."

"Chifukwa manja amene anasalalitsa bondolo, ena ndi angawa."

Anawatambasula, manja ang'onoang'ono a makwinya, kenako anawabweza pa chikwama.

"Kwathu ndi ku Bretagne, ku France, kamudzi ka asodzi kotchedwa Lanmorvan. Kumeneko manda a mudzi uliwonse ali ndi mtanda wake umodzi pakati, wosemedwa ndi makolo zaka mazanamazana zapitazo. Si wa munthu mmodzi, ndi wa mudzi. Bokosi lililonse la maliro limapumira pamenepo lisanatsike. Koma wathuwu uli ndi ntchito inanso. Nyanja ya kwathu imatenga amuna osawabweza. Msodzi akamira, thupi osapezeka, timaumba kamtanda kakang'ono ka phula la njuchi, n'kukagoneka pa tebulo m'nyumba, n'kukalira ngati maliro enieni. Kukacha timakanyamula ndi nyimbo kupita nako kumanda, n'kukakasiya pa tsinde la mtanda waukuluwo. Amasiye amagwira bondo lija. Bambo anga ali pamenepo. Achimwene anga awiri ali pamenepo. Manda ena alibe."

Phokoso la pabwalo linkamveka ngati lakutali.

"Mu Meyi tinadzuka n'kupeza chitsa chokha. Anaudula ndi macheka amagetsi. Kuli nkhalamba zina, zinzanga, zimapitabe kumanda Lamulungu lililonse, n'kumaima pamenepo osadziwa poika dzanja."

"Nanga mwaulondola bwanji mpaka kuno?" anafunsa Mwayiwathu.

"Ku parishi yoyandikana nafe kuli wansembe wa ku Malawi. Chithunzi cha bambowa chinayenda m'mafoni mpaka chinamupeza. Anabwera nacho kwa ine chifukwa amadziwa kuti ndinakhalako kwanu. Dzulo ndinafika, koma ndinapeza potseka."

"Ine sindine wakuba!" anakuwa a Likongwe. "Ndinagula poyera, masana, kwa mzungu wa pa yadi apo. Anati unachokera m'tchalitchi chogumuka ku Wales. Amake Michelle anali ndi chithunzi cha mtanda ngati umenewu, chinkakhala pabalaza chikwatirane chathu. Anawapatsa ndi asisitere ena a ku mishoni kwawo, amene anamwalira kalekale. Akachokera ku shifiti atatopa ankangokhala n'kumachiyang'ana. Ndiye ine ndinangochitenga n'kukamuonetsa mzunguyo, ndikuti, ndipezereni wofanana ndi uwu. Ndalakwa chiyani pamenepo?"

Mayi aja anatseka maso. 

"Ankolo," anatero Mwayiwathu chapansipansi, "chithunzicho chili kuti pano?"

"Anatsala nacho mzunguyo."

*

Yadi ya mzunguyo, Rowland wogulitsa zinthu zakale, inali m'mbali mwa ngalande yomweyo, kuseri kwa fakitale yakufa. Munali mabafa akale, zipata zachitsulo, mabenchi a m'tchalitchi ndi mikango yamwala yothyoka mphuno. Mwini wake anali bambo wonenepa wa ndevu zofiirira, wolankhula Chingerezi cha konko, chija chotcha mkazi aliyense kuti "bab".

"Ku Wales, bab," anatero Mwayiwathu atamuonetsa chiphaso. "Matchalitchi akutsekedwa tsiku ndi tsiku kumeneko. Ine ndimangopulumutsa zotsala."

"Tchalitchi chiti?"

"Ndani amasunga mayina a matchalitchi akufa?"

Mwayiwathu anayenda pang'onopang'ono kuzungulira vani yoyera imene inaima pakhomo. Pa galasi lakutsogolo panali patamatidwabe kapepala ka sitima ya pamadzi yochokera ku Roscoff, doko la ku France, kubwera ku Plymouth. Mwezi wake unali Meyi.

"Ku Wales masiku ano mumadzera ku France?"

"Ndinapita ku holide."

"Ndi kireni kumbuyo?"

Analowa mu kaofesi asanaitanidwe. Chithunzi chija chinali pa bolodi, chitabayidwa ndi pini pakati pa makalendala akale. Chinali chopanda mtundu, chofiirira m'mbali ndi ukalamba. Panali mtanda pa masitepe ake, manda mozungulira, ndi kamzere ka nyanja kumbuyo. Pansi pake panali dzina losindikizidwa ndi zilembo zing'onozing'ono, Lanmorvan, ndipo wina anali atalidula mzere ndi bolopeni yofiira. Pambali pa mtandawo panaima mtsikana wamfupi wovala za usisitere, akumwetulira, dzanja lake limodzi litabisika kuseri kwa mwalawo.

Mwayiwathu anamuyang'ana mtsikanayo nthawi yaitali.

"Bamboyo anakupemphani wofanana," anatero. "Inu munakamudulira weniweniwo."

Rowland anapukuta manja pa ovololo. "Mwala wa zaka mazana asanu sufanana ndi unzake, bab. Anthu amafuna zakale, ndipo zakale sizimera m'munda." Kenako anazindikira kuti walankhula zambiri. "Koma za lerozi musandiike ine. Ndibe bwanji chinthu choti ndinagulitsa kale?"

"Muli ndi kangolo ka timateyala ting'onoting'ono?"

"Ine mwala ndimanyamula ndi kireni, osati zidole."

Pamenepo sananame. Mwayiwathu anazula pini natenga chithunzicho.

"Ichi si chanu. Anzanga a ku ntchito akupezani posachedwa. Musapite ku Wales."

Pobwerera anayenda m'mbali mwa ngalande, madzi ali bii, timadontho ta mvula tikudumpha pamwamba ngati tinsomba. Mtandawo unabedwa kawiri. Wakuba woyamba anabwera ndi macheka. Wachiwiri anabwera ndi kiyi ndi kandulo, ndipo sanafune kuti mwalawo uyende wosafunda.

*

Atafika pabwalo anapeza amayi ataunjikana kumbuyo kwa vani yabuluu. Anti Helen, mnzawo wa malemu Mayi Felista kuyambira ali atsikana ku mishoni, ankagawa mitolo ya nkhwani. Anali ndi kakampani kosamalira okalamba m'makomo mwawo, ndipo vaniyo inali ya ntchitoyo.

"Anti, nkhwani wabwino chonchi mwamupeza kuti?"

"Ambuye amapereka, mwana wanga. Tenga mtolo, ukaike nsinjiro."

"Dzulo madzulo munali kuti?"

"Iii, wayamba upolisi ndi ine? Ndinali ku shifiti, kwa gogo wanga wa ku Aston uja. Ndinamusambitsa, ndinamudyetsa, ndinamugoneka, ndinapita kunyumba, ndinapemphera kolona, ndinagona. Lero ndachokera kunyumba straight."

"Kunyumba kwanu m'mwamba muja, mu flat?"

"Eya, kumenekotu."

"Maungu ayamba kuyanga pa khonde?"

Amayi ena anaseka. Anti Helen sanaseke. Mwayiwathu anatenga mtolo umodzi. Masamba anali onyowa, mapesi akadali ndi utomoni wa podula. Anayang'ana nsapato za Anti Helen, zitamatirira matope akuda a m'dimba.

"Mu Birmingham monse muno ndikudziwa kadimba kamodzi kokha ka nkhwani wotere," anatero motsitsa mawu kuti ena asamve. "Kaja ankalima malemu. Tatsegulani vani, Anti."

Anatsegula. M'katimo munali hoisiti, makina aja onyamulira wodwala kumuchotsa pabedi kumuika pa mpando. Pansi pake panali timateyala ting'onoting'ono. Pa lamba wake panali mchenga wamwala ndi ndere zachikasu.

Anti Helen anakhala pansi pa khomo la vaniyo nayamba kulira mwakachetechete.

"Ine ndinangothandiza mwana, Mwayi. Anandigwadira. Mwana wa Felista kundigwadira ine, ndikanatani? Usamumange, chonde. Ukafuna womanga, manga ine."

*

Mvula inali italeka pamene anafika ku timinda tija boma la mzinda limabwereketsa anthu, kuseri kwa njanji. Anayenda mondondozana pakati pa makabichi ndi mbatata za azungu: Mwayiwathu patsogolo, a Likongwe, Anti Helen, ndipo pambuyo pa onse mayi achilendo aja. Kumapeto kwenikweni kunali kamunda kosiyana ndi tinzake, ka chimanga chachifupi, mpiru ndi maungu oyanga mpaka pa mpanda.

Mtanda unatsamira kanyumba kosungira makasu, utavekedwa chitenje m'chiuno ngati mzimayi. Pansi pake panaoneka podula paja, poyera mbee, posiyana ndi mwala wonse. Patsogolo pake, pa ndowa yovundikira, panakhala Michelle, mtsikana wa zaka makumi awiri wophunzira unamwino, akadali mu yunifomu. Dzanja lake linali kuseri kwa mwalawo.

"Michelle!" A Likongwe anaima ngati amenyedwa. "Iwe? Mwana wanga yemwe, kundibera ine?"

"I didn't steal it, Dad."

"Nanga wafika wokha pano? Ukudziwa kuti anthu akudikira kumudzi? Ukudziwa zimene akundinena ine?"

Michelle anapukuta mphuno ndi mkono. Ndiye analankhula Chichewa, chimene bambo ake anali asanachimve pakamwa pake chimwalirire amayi ake, chopunduka, chotuluka movutika.

"Munawatumiza amami okha. Pano mukufuna kutumizanso uwu. Ine nditsala ndi chiyani? Manda ndinawaona pa foni, Dad, screen ikufriza. Anthu akuimba, kenako zii. Ikamabwerera, atakwirira kale."

Michelle anatembenukira ku mwalawo, napitiriza.

"Ndikachoka ku placement kuchipatala ndimatenga kiyi pa msomali, ndimapita ku galaja. Ndimayatsa kandulo. Ndimawauza za tsiku langa. Ndimagwira apa." Anasuntha chitenje pang'ono. Zala zake zinali pa bondo lamanzere la Amayi Maria. "I don't know why. Pena ponse pamakanda. Apa pokha ndi posalala."

Mayi achilendo aja anatulutsa kamawu kakang'ono, ngati munthu wobayidwa ndi singano. Panalibe amene anali atamuuzapo mtsikanayo za bondolo.

Foni ya a Likongwe inalira. Anaiyankha, ndipo mawu a Kondwelani anamveka kwa onse.

"Ankolo, driver akuti akufuna kutseka. Malo a mtanda ndasiya pakhomo penipeni. Mwaupeza? Ndimudikiritse?"

A Likongwe anayang'ana mtandawo. Anayang'ana mwana wawo, kenako mayi okalamba amene anawoloka nyanja okha ndi kachikwama kamodzi. Anawerama nagwira podula paja. Mano a macheka anali akumvekabe m'zala.

"Ankolo? Muli pomwepo?"

"Tseka, mwanawe."

"Nditseke? Popanda..."

"Tseka. Felista sangagone pansi pa manda a eni ake."

Anadula foni. Anakhala pansi pa matope pomwepo, pakati pa maungu a akazi awo.

"Ndiye ndikawauza chiyani kumudzi? Ndinawalonjeza mwala wochokera ku Ulaya. Adzati mkamwini uja wanamanso."

"Achimwene," anatero Anti Helen akupukuta misozi ndi nsonga ya mpango, "ine ndi wa konko, ndimamva zimene amanena inu kulibe. Mwala akasema pa Limbe pompa, tsiku limodzi. Chimene chimawapweteka amayi ake a Felista n'chakuti sanakuoneni mukulira. Mupite inuyo ndi mwanayu, mukaime pa mandapo. Basi."

Mwayiwathu anamufotokozera Michelle mwachidule kumene mtandawo unabedwa ndi chimene mayi achilendowo anadzera. Michelle sanachotse dzanja pa mwalawo.

"So I lose it anyway," anatero. "Kaya ku Malawi, kaya ku France. Ine nditsalabe opanda."

Mayi aja anayandikira. Anagwira phewa la Mwayiwathu kuti awathandize, nagwada pang'onopang'ono pambali pa ndowayo, jasi lawo likukhudza matope.

"Mwanawe, kwathu si kutali. Ukwera sitima ya pamadzi, ugona, kukacha wafika. Mtanda uwu anausemera anthu ngati iwe, olira opanda manda. N'chifukwa chake dzanja lako linapeza malo ake lokha. Tikaubwezera pa chitsa chake, ubwere. Tidzaumba kamtanda ka phula ka amayi ako, tidzakalira pamodzi, ndipo udzakasiya wekha pa tsinde, pafupi ndi bambo anga. Ukadzafuna kubwera chaka chilichonse, khomo langa ndi lachitatu kuchokera pa manda."

"Why would you do that?" Michelle anawayang'ana koyamba. "Simunawadziwe amami."

Mwayiwathu anatulutsa chithunzi chija m'thumba la jekete nachipereka kwa mayiwo.

"Mayi, Kondwelani anakuitanani kuti Beatrice, simunatembenuke. Iye akuti ndinu ogontha. Koma m'mawa uja Ankolo atakuwa, munamva bwinobwino. Ndipo mtsikana ali pa chithunziyu, dzanja lake lili pomwe pali la Michelle."

Mayiwo analandira chithunzicho ndi manja awiri. Anachiyang'ana, ndipo dontho linagwera pa kamzere ka nyanja kaja.

"Beatrice ndi mng'ono wanga," anatero. "Ndinabwereka dzina lake pa mpanda paja. Ndinabwera kudzalanda mwala wa pa manda a munthu, ndipo langali silikanatheka kulitchula pamaso pa mwamuna wake."

Anapukuta dontho lija pa chithunzi, napitiriza.

"Ndinali mzamba ku mishoni ina ku Thyolo. Tsiku lina la mvula ngati lino mayi wina anachira movutika, mwana anabadwa osalira. Ndinamupumira m'kamwa mpaka analira. Agogo ake anandigwira dzanja, nati, Asisitere, mwanayu ndi wanu, mpatseni dzina lanu. Anakula akundilondola m'mawodi, atanyamula beseni, akuti adzakhala namwino. Pamene ndinadwala n'kubwerera kwathu, ndinamusiyira chithunzi ichi kuti azidziwa kumene ndili. Kenako ndinatuluka usisitere kukasamala amayi anga, ndipo ku mishoni kunamveka mbiri yoti ndinafa."

Anti Helen anagwira pakamwa. "Mayo ine! Asisitere a njinga yofiira aja?"

"Sindinadziwe kuti chithunzi changa chomwe ndi chimene chidzadulitse mtanda wa kwathu. Ndipo sindinadziwe kuti mwana wanga uja anafika mpaka kuno, pafupi chonchi, zaka zonsezi. Ndinazimva pa foni ya wansembe, pansi pa chithunzi cha mtanda, pamene bambowa analemba dzina lake ndi tsiku limene anamwalira."

A Likongwe anavula chipewa. Sitima inadutsa pa njanji, masamba a chimanga nagwedezeka, kenako kunakhalanso bata.

Michelle anatembenukira kwa mayiwo.

"Ndinu ndani, Agogo?"

Mayiwo anatambasula dzanja lawo la makwinya naliika pamwamba pa la mtsikanayo, pa bondo losalala lija.

"Kwathu amati Félicité," anatero. "Kwanu ankanditcha Felista."